Mwana wanga wakwana zaka 15 koma sanayambe kusamba, kodi anamumanga?

"Adokotala, ndine mayi wa ana 4 ndipo mutu wandiima ndi mwana wanga wachiwiri, wamkazi. Wakwana zaka 15, ali Form 2 ku sukulu yogonera konko koma mpaka pano sanagwe mdothi. Anzake onse anakula kalekale, olo mwana wa mng'ono wanga wa zaka 12 anayamba. Mawere anayamba kutuluka chaka chathachi koma ndi ang'onoang'ono, iyenso ndi wochepa thupi ndithu. Apongozi anga akuti mwanayu anamangidwa tipite naye kwa asing'anga, ena akuti mwina chiberekero alibe. Mwiniwake wayamba kuchita manyazi, safuna kuvula pali anzake. Kodi adzabereka ameneyu? Ndilinso ndi mnyamata wa zaka 13 mawu ake akadali a kamwana, kapena ndi matenda a m'banja?"

Mayi, choyamba khazikani mtima pansi. Funso ngati lanuli ndalimva kambirimbiri pa zaka zomwe ndakhala ndikuona odwala, ndipo ambiri mwa atsikana amenewa lero ndi amayi a ana. Mu uthenga wanu muli mawu amodzi omwe andipatsa mphamvu, akuti mawere ayamba kutuluka. Mawere satuluka okha, pamafunika homoni ya estrogen (homoni ndi uthenga woyenda m'magazi wouza ziwalo zochita), nde ngati atuluka ndiye kuti thupi la mwanayu lauyamba ulendo, langochedwa kunyamuka. Koma sindikuuzani kuti mungokhala manja lende ayi, zaka 15 ndi malire omwe ife timati mtsikana ngati sanasambe aonedwe kaye, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Ambiri timaganiza kuti nkhani ya kusamba ndi ya m'mimba basi, chiberekero chikakhwima magazi nkutuluka. Chiberekero chimangomvera malamulo, wolamula ali m'mutu. Pansi pa ubongo pali kachigawo kotchedwa hypothalamus, ndipo mmunsi mwake mwalendewera kanthu kakang'ono ngati njere ya nzama, kulemera kwake olo gramu imodzi sikufika, dzina lake pituitary. Mukaloza chala pakati pa maso pamwamba pa mphuno apo nkulowa mkati molunjika, nkomwe kamakhala, mu kadzenje ka fupa ngati kampando kake.

Hypothalamus ija imatulutsa homoni yotchedwa GnRH, koma siitulutsa ngati madzi a pa mpopi wotsegula, imatulutsa modukizadukiza, ine ndimakonda kunena kuti imaflasha. Yaflasha, yakhala chete ola limodzi kapena kupitirira pang'ono, yaflashanso, choncho usana ndi usiku. Pituitary ikamalandira maflashi amenewa imayankha potulutsa mahomoni awiri m'magazi, LH ndi FSH, ndipo awiriwa ndi amene amatsika mpaka ku timatumba ta mazira kwa mtsikana kapena ku machende kwa mnyamata kukawadzutsa. Chodabwitsa nchoti GnRH yomweyo ukaipereka mosalekeza osapumira, pituitary imasiya kuyankha, monga mmene tonse timachitira ndi munthu woimba foni osaleka. Izi anazionetsa Ernst Knobil ndi anzake mu 1978 poyesa pa apusi, ndipo mpaka lero nzeru imeneyi ndi yomwe madokotala amagwiritsa ntchito poimitsa kaye kutha msinkhu kwa kamwana komwe kayamba msanga kwambiri, monga kamtsikana kotuluka mawere kasanafike zaka 8.

Chinanso chomwe anthu ambiri sadziwa, makina amenewa sayamba kugwira ntchito pa zaka 12. Amakhala akugwira kale mwana ali m'mimba komanso miyezi yoyambirira atabadwa, kenako ubongo umaponda buleki, ubwana wonse zii. Nthawi ikakwana buleki ija imamasulidwa pang'onopang'ono, ndipo maflashi oyamba amabwera usiku mwana ali mtulo, nkuyamba kufalikira mpaka masana. Mu 2003 ndi pomwe zinadziwika kuti pali homoni ina mu ubongo momwemo, kisspeptin, yomwe imatsegulira GnRH njira, ana omwe thupi lawo silimva kisspeptin satha msinkhu paokha. Funso lalikulu kwa mwana wanu nde ndi lakuti, nchiyani chinachedwetsa ubongo wake kumasula buleki, kapena uthenga ukutsika bwinobwino koma ukukathera panjira?

Ndondomeko yake kwa mtsikana imayenda chonchi. Choyamba ndi kamtanda kolimba pansi pa nsonga ya bere, pena kamayamba mbali imodzi ndipo kamapweteka, izi zimachitika pakati pa zaka 8 ndi 13. Kenako tsitsi la kumaso ndi la m'khwapa, kutalika mofulumira, chiuno kutambasuka, ndipo kusamba kumabwera kumapeto, kawirikawiri patatha zaka 2 kapena 3 chiyambire mawere. Muwerengere nokha, wanuyu mawere ayamba ali ndi 14, nde kusamba tingakuyembekezere pa 16 kapena kuyandikira 17. Zikugwirizana. Chomwe ndikufuna kudziwa ine nchifukwa chomwe mawerewo anachedwera kudutsa 13. Tsitsi la m'khwapa, fungo la thukuta ndi ziphuphu musadalire kwambiri, zimenezo zimayambitsidwa ndi tiziwalo tina tokhala pamwamba pa impso, mtsikana atha kukhala nazo timatumba ta mazira tili mtulo.

Akadzayamba, mwezi uliwonse kudzakhala kukambirana pakati pa mutu ndi m'mimba. FSH imakulitsa timazira tingapo, tomwe tikukulato timatulutsa estrogen, estrogen nkumakhuthalitsa mkati mwa chiberekero kukonzekera mimba. Estrogen ikakwera kufika penapake pituitary imatulutsa LH wambiri kamodzinkamodzi, ndipo patatha tsiku limodzi kapena limodzi ndi theka dzira limatuluka. Pamalo pomwe dziralo lachoka pamayamba kutuluka progesterone yomwe imagwirizira zomwe zakonzedwa m'chiberekero muja kwa masiku pafupifupi 14, mimba ikapanda kulowa progesterone imatsika, zonse nkukokoloka, ndiwo msambo umenewo. Zaka ziwiri zoyambirira kukambiranaku kumakhala kosalongosoka, atha kusamba lero nkudumpha miyezi 2 kapena 3, musadzadabwe. Ndipo apa ndinene mosabisa, dzira limatuluka msambo usanabwere, kutanthauza kuti mtsikana yemwe sanagwepo mdothi atha kutenga mimba. Ndinazionapo ndi maso angawa.

Tsopano zifukwa zochedwera. Chomwe chimapezeka kawirikawiri ndi chakumtundu basi, mabanja ena amakula mochedwa. Inuyo munagwa mdothi muli ndi zaka zingati? Nanga azakhali ake a mwanayu? Bambo ake kodi sanali aja ankaima kutsogolo pa mzere ku sukulu chifukwa chofupika nkudzatalika anzawo atasiya kale? Afunseni apongozi omwewo, ndiwo akudziwa mbiri ya mwana wawo. Ana oterewa alibe matenda, amafika pomwe anzawo anafika, ndipo kubereka kwawo sikukhala ndi vuto lililonse.

Chachiwiri, ndipo kwa mwana wanu ndi chomwe ndikuchiyang'ana kwambiri poti mwati ndi wochepa thupi, ndi chakudya ndi matenda okhalitsa. Mafuta a m'thupi amatulutsa homoni yotchedwa leptin yomwe imauza ubongo kuti nkhokwe ili ndi kanthu. Nkhokwe ikakhala yopanda kanthu ubongo sulola za ubereki, umaona kuti thupi ili silingasenze mimba, buleki nkuipondabe. Ku sukulu zogonera tikudziwa tonse mmene zimakhalira, nsima ya nyemba lero mawa mkuja, mwana wosankha zakudya amangotola pang'ono nkuchokapo, ena amadzimana dala kuopa kunenepa. Kuchepa magazi, njoka za m'mimba, TB, shuga, matenda a impso, sickle cell, zonsezi zimachedwetsa. HIV nayonso, makamaka kwa mwana wobadwa nayo yemwe sanayambe mankhwala kapena sakumwa bwino, ndipo pali ana ena amafika zaka 14, 15 osadziwika kuti ali nayo, chizindikiro chokha nkukhala kupinimbira. Sindikunena kuti wanuyo ali choncho, ndikungonena kuti akakapempha kuyeza musakakane. Nkhawa yayikulu komanso masewero olimbitsa thupi opitirira muyezo nazo zimatseka maflashi aja. Ubwino wa gulu ili ngwakuti mukakonza chomwe chayambitsa, thupi limapitiriza lokha.

Chachitatu ndi vuto m'mutu mwenimwenimo, izi nzosowa koma ndi zomwe sitifuna kuziphonya. Pali ana obadwa ndi hypothalamus yosatulutsa GnRH, ndipo ambiri mwa iwo samva fungo, timati Kallmann syndrome. Nchifukwa chake dokotala atha kukufunsani funso looneka lopanda mutu, loti kodi mwanayu ndiwo zikamapserera amamva? Pali zotupa zomera pa pituitary kapena pafupi pake, zambiri si khansa, koma poti pamwamba pake penipeni pamadutsa mitsempha ya maso, chotupa chikakula munthu amasiya kuona za m'mbali, amangogunda zitseko ndi phewa. Mwana akamadandaula mutu tsiku ndi tsiku makamaka m'mawa, kusanza, kusaona bwino, ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi usiku wonse, kapena mawere akutuluka mkaka, pamenepo musadikire holide, mukamutenge ku sukuluko. Mkaka umenewo umasonyeza kuti prolactin, homoni inanso ya pituitary, yachuluka, ndipo prolactin ikachuluka imazimitsa GnRH. Nthawi zambiri vuto limeneli limatheka ndi mapiritsi. Chithokomiro chikamagwira ntchito mofooka nachonso chimasokoneza, mwana amakhala wozizidwa, waulesi, wosakula.

Mwina simukudziwa koma inuyo mayi mwakhala mukuziona ntchito za pituitary m'thupi mwanu. Muja mumayamwitsa osasamba miyezi ingapo, inali prolactin yomweyi itatseka maflashi, ndipo nchifukwa chake kuyamwitsa mwakathithi kumateteza mayi kuti asatenge mimba mwana asanakwane miyezi 6 ngati msambo sunabwerere. Jakisoni wolera wa miyezi 3 uja amagwiranso ntchito m'mutu momwemo, amaletsa LH kukwera kuti dzira lisatuluke. Kupweteka kwa matenda pobereka ndi mkaka kuchucha mwana akalira, ndi ntchito ya homoni ya oxytocin yochokera ku mbali ya kumbuyo ya pituitary. Palinso amayi ena omwe anataya magazi ambiri pobereka, pituitary nkuwonongeka chifukwa chosowa magazi, mkaka osatuluka, msambo osabwereranso, thupi lofooka zaka ndi zaka anthu nkumati anawalodza, pomwe ndi Sheehan syndrome yomwe inafotokozedwa kale mu 1937 ndipo mankhwala ake alipo. Ndapatuka, tibwerere kwa mwana.

Chachinayi, mutu ukutumiza uthenga bwinobwino koma timatumba ta mazira sitikuyankha. Chodziwika kwambiri apa ndi Turner syndrome, mtsikana mmodzi mwa pafupifupi 2,500 amabadwa nayo. Amakhala wamfupi kwambiri poyerekeza ndi abale ake, pena khosi lalifupi lotambalala, ndipo ena mawere amayamba pang'ono nkuima. Nde ndikufunseni, mwati ngochepa thupi, kodi ndi wowonda chabe kapena ndi wamfupi kuposa onse m'kalasi? Nanga mawerewo chaka chino akula kuposa chaka chatha kapena anangoima pamodzimodzi? Mayankho amenewa akamuthandiza kwambiri woyeza.

Chomaliza ndi pomwe mahomoni onse ali bwino koma njira ndi yotseka. Sindidzamuiwala mtsikana wina wa zaka 16 yemwe anabwera ndi agogo ake, mimba yatupa mmunsi ngati ya miyezi 4, kwawo atamukalipira kale kuti atchule mwamuna. Iye akulira kuti sanagonepo ndi munthu. Nditafunsa bwino anati mwezi uliwonse amamva kupweteka mmunsi masiku 3 kapena 4 nkusiya, kwa chaka chathunthu, ndipo masiku amenewo kukodza kumavuta. Anali akusamba ndithu koma kachikopa ka pakhomo pa njira kanabadwa kotseka, magazi amangodzikundikira mkati. Opaleshoni yake inali ya mphindi zochepa, agogo aja anachita manyazi kumuyang'ana mdzukulu wawo. Mumufunse wanuyo ngati amamva kupweteka kobwera ndi mwezi. Za oti chiberekero alibe, zoona zimachitika, mtsikana mmodzi mwa pafupifupi 5,000 amabadwa choncho, koma oterewo mawere ndi thupi lonse zimakula pa nthawi yake, chosowa chimakhala msambo wokha. Wanuyu chilichonse chachedwa limodzi, zomwe zikuloza kwina. Ndipo palibe munthu angadziwe zimenezo pongomuyang'ana, ndi sikani yokha.

Nde chochita ndi ichi. Holide ikubwerayi mupite naye ku chipatala cha boma chachikulu m'dera lanu, mutenge buku lake la kuchipatala, ngati kabuku ka kusikelo ka ali mwana mukadali nako katengeninso, kamatiuza ngati wakhala wochepa kuyambira kale kapena anaima kukula posachedwa. Akamuyeza msinkhu ndi sikelo, magazi, shuga, HIV, ndipo akayezanso mimba, musakakhumudwe, timayeza aliyense yemwe sakusamba. Sikani ya pamimba imaonetsa ngati chiberekero ndi timatumba ta mazira zilipo, siipweteka, ndipo nthawi zambiri sipafunika kumupima mkati. Pena amajambula X-ray ya dzanja kuti aone zaka za mafupa, mwana wa zaka 15 mafupa ake akamaoneka a zaka 12 kapena 13 ndiye kuti akadali ndi mpata wotalika. Zikafunika amayeza LH, FSH, prolactin ndi za chithokomiro, izi kawirikawiri zimafuna akutumizeni ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu. Kuwerenga kwake nkosavuta, FSH ikakhala yokwera kwambiri ndiye kuti pituitary ikukuwa koma kumunsi sakuyankha, ikakhala yotsika ndiye kuti m'mutu ndi momwe muli chete, kaya chifukwa chongochedwa, njala kapena matenda.

Zonse zikapezeka bwino angokuuzani kuti adye mokwanira mubwerenso pakatha miyezi 6, ndipo kumeneko si kukunyozani, ndi chithandizo chenicheni. Mazira, usipa, nsinjiro, mkaka, mapeyala, chiponde chomupatsira popita ku sukulu, zimenezi zimachita zambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Ngati thupi silingathe palokha, amapatsidwa estrogen pang'onopang'ono kuyambira mlingo wochepa kwambiri nkumakweza kwa zaka ziwiri kapena zitatu, kutsanzira mmene thupi likadachitira. Chonde musamugulire mapiritsi olera ku famase kuti "atsegule", magazi atha kutuluka inde koma mwabisa vuto lenileni, komanso estrogen wambiri msanga amatseka mafupa mwana nkukhala wamfupi mpaka kale.

Za apongozi, musalimbane nawo, akuchita zimenezo chifukwa chomukonda mdzukulu wawo, mungowapempha kuti tiyambe kaye kuchipatala, olo apite nawo akaone sikaniyo ndi maso awo. Zitsamba zomwetsa zomwe sitidziwa mlingo wake ndaziona zikuwononga impso ndi chiwindi cha ana, ndipo zolowetsa kumaso zimasiya zilonda ndi zipsera zomwe zimadzavutitsa pobereka. Koma chomwe ndikukaniza ndi mphamvu zanga zonse ndi malangizo aja akuti agone ndi mwamuna kuti njira itseguke. Amenewo ndi bodza, msambo sutsegulidwa ndi mwamuna, komanso ndi mlandu, mwana wa zaka 15 ndi mwana. Aliyense wonena zimenezo, kaya ndi wachibale kaya ndi sing'anga, mumutalikitse kwa mwana wanu.

Kodi adzabereka? Ngati ndi kuchedwa kwakumtundu kapena kwa chakudya, zomwe ndikuganiza kuti ndi zomwe zili apa, eya, mofanana ndi wina aliyense. Olo a Kallmann ndi a prolactin ambiri amabereka akalandira mankhwala chifukwa mazira ali nawo, chimasowa ndi uthenga chabe. Komwe kumakhala kovuta ndi kwa Turner ndi kwa obadwa opanda chiberekero, koma tisalire maliro a munthu yemwe sanadwale nkomwe, akayezedwe kaye.

Mnyamata wanu wa zaka 13 msiyeni, sanachedwe. Kwa anyamata mahomoni ndi omwewo, LH imauza machende kupanga homoni yachimuna ya testosterone, FSH imathandiza kupanga mbewu ya abambo yomwe imatenga miyezi 2 ndi theka kuti ikhwime. Chizindikiro choyamba si mawu ayi, ndi kukula kwa machende, pakati pa zaka 9 ndi 14, zomwe mayi simungazione poti pa msinkhu umenewo amasamba yekha chitseko chokhoma. Mawu a besi, kutalika ndi ndevu zimabwera pambuyo, ndipo anyamata amathamanga kutalika patatha zaka ngati 2 atsikana anzawo atayamba kale, nchifukwa chake mu Standard 7 atsikana amaoneka ngati azakhali a anyamata. Akadzatupa timawere pang'ono musadzaope, zimachitikira anyamata ambiri ndipo zimatha zokha. Bambo ake kapena amalume ake amufunse mwaulemu, akafika 14 palibe chasintha nayenso mupite naye. Ndipo ngati onse awiri ali ochedwa, zikungolimbikitsa ganizo lija lakuti nzakumtundu.

Mtsikanayo mukhale naye pansi awiriwiri musanapite kuchipatala, chifukwa panopa akumva zonong'onezana za akuluakulu ndipo mwina akudziona ngati wolumala. Mumuuze zomwe ndakuuzanizi, kuti thupi lake layamba kale ndipo mawerewo ndi umboni, mumufunse za mutu, za maso, za fungo, za kupweteka kwa mmunsi ndi mmene akudyera ku sukuluko, ndipo kwa dokotala mumupatse mpata alankhule yekha inu mutatuluka panja pang'ono. Mapadi mugule pano, mumuonetse kavalidwe kake ndipo paketi imodzi ikhale m'chikwama chake popita ku sukulu, zinthuzi zimakonda kudzayamba munthu ali m'kalasi.